Anazikwecha Mpaka Chaka Chinafufutika

Panali mayi wina, ndipo amene anandiuza akuti zinachitikadi, yemwe bambo ake atamwalira abale ake anamusungitsa kachitini ka ndalama zakale zasiliva. Zinalipo zisanu ndi zinayi, zakuda bii, ina yopindika ndiponso yobooka. Anagwirizana kuti mwezi ukatha adzakumane n'kuona chochita nazo.

Mayiyu anakazionetsa kwa mkulu wina wokonza mawotchi, amene ankagulanso zinthu zakale. Mkuluyo anachotsa bokosi pampando kuti mlendo akhale, n'kuziyang'ana imodziimodzi ndi kagalasi kake ka padiso.

"Mayi, izi n'zenizeni. Mudzabwere nazo pamodzi ndi abale anu. Koma chonde musazitsuke, kudako n'kofunika."

Koma mayiyu anali waukhondo wodziwika, poto wake umachita kudzionerapo nkhope. Mumtima ankati, zakuda chonchi ndikaziike patebulo alamu akuona? Loweruka lina anatenga phulusa, mchenga ndi waya wokwechera mapoto n'kukhala pakhomo la khitchini. Anakwecha mpaka zala kutupa. Yopindikayo anaisiya, ati yatha kale.

Tsiku lokumana litafika anazikhuthula patebulo zikunyezimira. Achemwali ake aakulu anatola imodzi, n'kuitembenuza kawiri.

"Izi si za bambo."

"Ndi zomwezo achemwali, ndangozitsuka."

"Nanga nkhope inali pandalamapa ija ili kuti? Chaka chili kuti? Bambo ankatiwerengetsa chakacho tili ana. Iwe, wagulitsa zenizenizo eti?"

Alamu anaseka. "Akazingoboola pakati, ndikamangira mabawuti a njinga yanga."

Mayiyu anapezeka waima pakati pa tebulo ndi khoma, achimwene ake atatsamira chitseko. Kuti aulule zoti anachenjezedwa, ndiye kuti wawononga dala. Kuti akhale chete, ndiye kuti ndi wakuba. Mng'ono wake yekha ndiye anamukankhira kapu ya madzi.

Anatengana onse, ulendo kwa wokonza mawotchi uja, mayiyu ali pakati ngati mkaidi. Mkuluyo anaziika pasikelo, anaziombanitsa n'kumvetsera kulira kwake, kenako anapumira m'mwamba.

"Mayiwa sanabe. Ndi zomwezija, ndinaziona. Koma ogula ndalama zakale amafuna chaka, zilembo ndi kuda kwake komwe. Zosalalazi zatsala zongosungunula, mtengo wake ndi kulemera basi. Yopindikayi bowo lake laitsitsa, komabe chaka chikuwerengeka, ndipo n'chosowa. Yokhayi ikuposa zinzake zonsezi."

Zoti anali atamuchenjeza, mkuluyo sanatchule. Anangozikulunga bwinobwino m'kansalu n'kumuikira m'manja.

Atatuluka panja, mayiyu anaulula yekha. "Anandiuza kuti ndisatsuke. Sindinamvere."

Palibe anamukalipira, ngakhale alamu omwe. Achemwali ake anayang'ana zala zotupazo kwa nthawi, misozi ili lengelenge.

"Bola ukanaba, m'bale wanga," anatero. "Tikanakulanda."

Phunziro: Mukapeza ndalama zakale m'katundu wa makolo, zisiyeni momwe zilili, kaya zada, zapindika kapena zabooka. Musazikweche, musaziwongole, kaonetseni kwa odziwa ndipo mverani zimene akuuzani, makamaka ngati si zanu nokha. Chonde tumizirani abale ndi anzanu, poyambira aukhondo aja, asanatenge waya.