Olira Mwana Akabadwa

Kutangoda, ndinatsikira kuchipinda chochapira cha nyumba yosamalira okalamba ku Loughborough, komwe ndimagwira ntchito, kukatenga zofunda za agogo Stoyan a ku Bulgaria. Ndinkang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, dzanja lili pamimba yomwe ndinaipempherera zaka zambiri ngati Hana.

Masana agogowo anali atandiuza kuti, "Makolo athu akale a kudera la Thrace, Atrausi, ovala zipewa za zikopa za nkhandwe, mwana akabadwa ankamuzungulira n'kumamulira, poti wabwera kudzavutika. Munthu akafa ankaseka."

"Inu agogo, mwana ndi mphatso ya Yehova," ndinawayankha motero.

Pobwerera ndinapeza anthu atakhala pansi mukhonde, atavala zipewa za zikopa za nkhandwe. Ndisanatembenuke anali atandizungulira. Onse ankayang'ana mimba yanga, akulira.

"Yesu wanga! Ndinu ndani? Lekani zimenezo!"

Kulira kunaleka. Mayi wina anasendera, naika khutu lozizira pamimba panga. Anamvetsera nthawi yaitali. Kenako anatembenukira anzake, nayamba kuseka chapansipansi. Wina anatsatira, kenako winanso.

Zofunda zinandipulumuka m'manja. Ndinagwada.

"Chonde amayi, ndapota nanu, liraninso."