Makadi a Mbendera pa Kamwendo

Yohane anatsamiritsa njinga yake ya kabaza pamtengo wa mango kuseri kwa msika wa Kamwendo, n'kukhala moyang'anana ndi a Wilson. Ankamwetulira yekha, chifukwa makadi aja tsopano anali ake.

Makadiwo sanali wamba ayi. A Wilson anawatola pa esiteti ya fodya pomwe anali tenanti, mzungu wake atasamuka chaka cha referendamu chija. Akuti anali a agogo ake a mzunguyo. M'malo mwa zizindikiro zomwe tinazolowera, anali ndi mbendera, nyenyezi, chishango ndi chiombankhanga cha dziko la kwawoko. Ndiye opentedwa pamanja, owala zoti ukhoza kuwaona uli tsidya la msewu. Anthu ankakangana kuti mbenderayo ndi ya chipani chiti, mpaka wina anang'ambiridwa shati.

Koma nkhani yeniyeni inali yoti a Wilson sankaluza nawo. Mtundu womwe iwe ulibe ndi womwe ankaponya, iwe n'kumangotola pamulu, kutola, mpaka manja kudzaza. Pa Kamwendo ponse anagwirizana chimodzi: makadiwo ngokhwima, amamvera mwini wake.

Ndiye Yohane, poti amadziona wochenjera, anangowagula. Anapereka mbuzi ya mayi ake, yabere, eni ake ali kumaliro ku Chiosya. Tsopano mbuziyo inafunika kubwerera m'khola mayiwo asanafike, apo ayi akanagona kudimba.

"Achimwene, ikani mbuzi ija," anatero Yohane. "Ine ndaika njinga."

"Mwana iwe, wanditengera mankhwala, ukufunanso mbuzi?" anadandaula a Wilson, nkhope ili ngati ya wamasiye. Komabe anavomera.

Akazi awo, a Esnart, anakhala pamalo awo a masiku onse, pachidebe kumbuyo kwa wopikisana ndi amuna awo, poti akuti mthunzi uli komweko. Mayi amenewa anthu ankawamvera chisoni. M'dengu mwawo munkakhala zitumbuwa ndi mtedza basi, koma ankaitanira ndi nthochi ndi mazira omwe. Amati mutu unasokonekera ndi fungo la fodya.

Yohane anagawa makadi, n'kuwauzira mpweya.

"Mtedza, mtedza wokazinga," anaitanira a Esnart.

A Wilson anaponya nyenyezi. Yohane analibe. Anatola.

"Nthochi zakupsa." Mayi wina wodutsa anaima kuti agule. "Zatha, amayi," anatero a Esnart osatembenuka n'komwe.

A Wilson anaponya chishango. Yohane anatolanso. Thukuta kamukamu. Anaweramira makadi ake n'kunong'oneza, "Mwini wanu ndine, mwaiwala mbuzi?" Chiombankhanga cha pakhadi chinangomuyang'ana cham'mbali.

Posakhalitsa a Wilson anatsitsa khadi lomaliza. Oonerera anapukusa mitu: makadi asowa mwini wake wakale, chinthu chokhwima sichigulidwa ndi mbuzi. Yohane anatsala pansi pa mango ndi makadi ake okongola, akuganiza kuti mwina anafunika kuwasambitsa kaye.

A Wilson anakwera njinga, a Esnart pakaliyala, mbuzi ikuthamanga pambuyo ndi chingwe. Atapitirira sitolo yomaliza, bamboyo anati, "Mawa ugule nthochi ngakhale ziwiri, anthu angatitulukire."

"Inunso muziloweza," anayankha a Esnart. "Ndikati mazira ndiye kuti alibe mbendera. Lero ndaitanira mazira mpaka kummero kuuma, inu mukungokanda mutu."