Phula la Mlamu Wanga

Ine Gedioni Chimbalanga ndayenda. Durban ndi Beira ndi kuseri kwa nyumba yanga, ndipo msewu wabwino ndimauzindikira ndi phazi.

Boma litalamula kuti khomo lililonse lizimanga chigawo chake cha msewu ndi phula lakale lophwanya, anzanga anasakaniza lawo ndi miyala. Ine ayi. Ndinabwereka lina kwa mlamu wanga Yotamu n'kuyala phula lokhalokha, lakuda bii, mudzi wonse kubwera kudzaona.

Koma dzuwa la Okutobala silidziwa munthu woyenda. Phula linafewa, mathirakitala n'kusiyamo ngalande ziwiri. Makina oyeza msewu atadutsa, anafufuta khomo lathu pa mndandanda wa misewu yodutsika: ambulansi yodziyendetsa yokha sinyamulanso munthu wa pano. Chonsecho mkazi wanga Nankhoma ali ndi pakati, mwezi wake ndi uno.

"Bambo a Tiyese, ndikachirire ku Durban kwanuko?" anandifunsa.

Yotamu sanaseke. "Alamu, bwezani phula langa ndilimbitse kwanga. Mlongo wanga akadikirire kumeneko."

Ndinakumba ndekha msewu wanga uja, Nankhoma akumanga katundu wake. Ndinabweza mawilibala asanu ndi atatu, odzadza.