Tsiku Limene Shuga Anatsika

Ndinaimitsa vidiyo ija pafoni mphunzitsi atangomaliza kufotokoza.

Anati ubongo umadalira shuga. Wodwala matenda a shuga akabayidwa jakisoni koma osadya, shugayo amatsika kwambiri. Munthu amatuluka thukuta, amanjenjemera, amalankhula zosokonekera. Mukapanda kumupatsa chotsekemera msanga, mumutaya.

Malemu bambo anatuluka thukuta lotero m'mawa womwe anatisiya. Ankanjenjemera pampando, akupempha tiyi wa shuga ngati kamwana. Amayi anakabisa shugayo pamwamba pa kabati, misozi ili mbwembwembwe.

"Mudane nane lero, bambo a ana, koma adokotala analetsa," anatero.

Tsopano amayiwo anali pambali panga, akundisitira yunifolomu ya kusukulu ya unamwino.

"Waimitsiranji? Chakukanika Chingerezi cha m'mphunocho?"

"Ayi, amayi. Akunena za matenda a bambo aja."

Anaimika simbi, nkhope yodzaza ndi nkhawa. "Eya? Akuti chiyani?"

Ndinaika foni ija pansi. "Akuti munawasamalira bwino."

Anapumira m'mwamba, n'kuyambiranso kusita kolala.

"Ndinkadziwa, mwanawe. Anandichonderera mpaka kunditukwana, koma olo kasupuni kamodzi sindinawapatse."