Malo a Kumphepete

"Wandiimika kumphepete ngati mlendo ndani?" anafunsa apongozi ake a Zahra.

Zahra anayang'ana pansi, poti anali iyeyo. Mwamuna wake Nasiru, ali ku Joni, ankamunena kuti akuwondetsa mayi ake, ndipo chithunzi ichi cha pa chikondwerero cha Idi chinali choti chikaweruze mlanduwo. Paison wojambula anali atamunong'oneza kuti lenzi ya kamera yotenga banja lonse nthawi imodzi imanenepetsa oima kumphepete.

"Sekani, amayi!" anakuwa Paison.

Atawaonetsa chithunzicho, mayiwo anadziyang'ana nthawi yaitali: masaya odzaza, mapewa ngati a mwini sitolo wa pa Benga.

"Mumutumizire Nasiru," anatero akukonza mpango. "Ndipo kuyambira lero, pakatipo muziimapo nokha."