Tsitsi Litagona

"Ligonekeni lonse la m'mbalimu, mayi, lisadzukenso," Man-sik anauza mayi Ok-bun, eni saluni ina mumzinda wa Daegu ku Korea. Mawa lake ankayenera kukagwadira makolo a bwenzi lake, koma tsitsi lake linkaima ngati minga ya nungu.

"Amene anakupatsani tsitsili ankadziwa chimene akuchita, bambo."

"Inu pakani mankhwalawo basi."

Mayiwo anapaka, n'kumata timapepala. Atalitsuka, tsitsi linagona mwaulemu ngati mkamwini watsopano.

Man-sik anayang'ana pagalasi. Makutu ake, amene ankabisala m'tchire lija kuyambira ali mwana, anali poyera, atatambalala ngati zogwirira poto.

"Mayi," anatero chapansipansi, "nanga awa, mankhwala ake alipo?"

"Analipo," anayankha mayiwo akupukuta m'manja. "Ndi tsitsi lija."