Ofesi ya Pazenera

"Ndapita ku ofesi!" anakuwa bambo a mapasa, tayi ali pakhosi, chikwama kumanja.

Kunena zoona, ku ofesiko kunali kotseka. Abwana analamula kuti aliyense azigwirira ntchito kunyumba, koma kwa milungu itatu bambowa ankangokhalira kutumidwa: kusintha babu, kugwirizira mwana, kupha mphemvu. Tsono lipoti linkafunika pofika masana, apo ayi ntchito ithe.

Anatuluka pageti, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, n'kulowera pazenera la chipinda cha alendo. Thalauza linang'ambika pamsomali, koma analibe nazo ntchito. Anakhala pakati pa masutikesi n'kutsegula laputopu. Kunali zii. Analemba masamba awiri athunthu popanda wowaitana.

Kenako foni inanjenjemera. Anali akazi awo.

"Bambo a mapasa, mwafika m'tauni?"

"Eee, kalekale. Ntchito yachita kundipanikiza," ananong'ona.

"Zakhala bwino. Amayi anu angotsika basi kumene, ali padepoti ndi katundu. Muwatenge. Ine ndiyambe kuwakonzera chipinda cha alendo."

Asanayankhe, anamva tsache likugunda chitseko.